Kodi Mfuti Ingatiteteze?

Pa tchuthi chapitachi kwathu ku Milonde ndinamva akuluakulu ena akukambirana zogula mfuti kutsidya kwa malire. Iwo amati akuba achuluka, choncho munthu wanzeru ayenera kukonzekera. Ngakhale ndine mwana, ndikuona kuti maganizo amenewa ndi olakwika.

Tisaiwale kumene mfutizi zinachokera. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zambiri za AK-47 zinatsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo zina zinaoloka malire. Kodi zinatiteteza? Ayi ndithu. Zinangolimbitsa mtima achifwamba. Kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi ndi mlandu. Komanso pa tsiku la mowa kapena la mkangano wa munda, mfutiyo imapha m'bale, osati wakuba.

Anzathu a ku Mozambique anazindikira zimenezi. Kuyambira mu 1995, bungwe la mipingo yachikhristu, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkalandira mfuti n'kumapereka makasu, njinga ndi makina osokera.

Nanga ife tsoka lenileni limene linatigwera ndi liti? Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi minda m'boma lathu la Mulanje. Mfuti ikanaletsa madzi kodi? Chimene chimapulumutsa pa nthawi yotere ndi chenjezo la pa wailesi, malo okwera othawirako, ndi anansi okugawira ufa.

Choncho anzanga, tikapita kumudzi tiwapemphe makolo athu mwaulemu kuti ndalama ya mfutiyo agulire wailesi, tochi ndi thumba la chimanga. Za akubazo tizigwirizana ndi amfumu komanso apolisi.