ZA PAKHOMO: Dengu lophika nyemba mayi ali kumunda

Dzinja likafika, amayi a m'boma la Milange sakhala pansi. Tambala akangolira khasu lili paphewa, ndipo ena amalawirira kumsika wa m'malire ku Muloza ndi malonda awo pamutu. Pobwera dzuwa limakhala litapendeka, ana ali ndi njala, pomwe nyemba zouma zimafuna maola atatu pamoto. Pofuna kupewa zimenezi, amayi ena amasiya mwana wamkazi pakhomo kuti azisonkhezera moto. Mwanayo amajomba kusukulu, ndipo si kamodzi ana ang'onoang'ono kupsa ndi moto wosiyidwa wopanda munthu wamkulu.

M'mizinda ngati Quelimane ndi Blantyre, mabanja opeza bwino ali ndi mapoto a magetsi amene amaphika okha pang'onopang'ono tsiku lonse. Kumudzi kopanda magetsi, dengu wamba likhoza kugwira ntchito yomweyo. Nzeruyi si yachilendo. Anthu a ku Ulaya ankaika mapoto otentha m'mabokosi a udzu wouma pa nthawi ya nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, pamene malasha ankasowa. Mu 2008 mayi wina wa ku South Africa, Sarah Collins, anasoka thumba lotchedwa Wonderbag potsata nzeru yomweyi, magetsi atayamba kuzimazima m'dzikolo.

Chinsinsi chake n'chakuti chimene chimapsetsa chakudya ndi kutentha, osati lawi la moto. Mphika ukawira n'kufunditsidwa bwino, kutentha sikuthawa ndipo ndiwo zimapitiriza kupsa.

Kakonzedwe kake nkosavuta. Mayi apeze dengu lalikulu ndipo ayale pansi ndi m'mbali masamba ouma a nthochi, makoko a chimanga, udzu wouma kapena nsanza, mochindikala ngati chikhatho. Zonsezi zikhale zouma gwa, chifukwa zonyowa zimaziziritsa mphika. Pamwamba pake ayalepo chitenje chakale, n'kusiya dzenje pakati lokwana mphika. Asokenso kapilo ka zinthu zomwezo kovundikira pamwamba.

Nyemba azinyike m'madzi usiku wonse. M'mamawa ataye madziwo, athire ena ndipo aziwiritse mobwadamuka kwa mphindi 20 kapena 30, akukonzekera ulendo. Apa pasakhale chinyengo, chifukwa nyemba, makamaka zofiira, zili ndi poizoni amene amatha pokhapokha zitabwadamuka kwambiri kwa mphindi zosachepera 10. Zikangofunda chabe, zimasanzitsa ndi kutsekula m'mimba. Kenaka avundikire mphikawo, auike msanga m'dengu ukadali wotentha, aphimbe ndi kapilo kaja n'kumanga ndi chitenje. Pakatha maola anayi kapena asanu nyemba zimakhala zitafewa, kungotsala kuthira tomato, anyezi ndi mchere. Khobwe, nzama ndi nandolo wouma zimapsa chimodzimodzi. Mpunga umangofuna kuwira mphindi zisanu ndi kukhala m'dengu kosakwana ola limodzi.

Mphika ukhale wodzaza ndithu, popeza chakudya chochepa chimazizira msanga, ndipo chivundikiro chikhale chokwana bwino. Ana auzidwe kuti asavundukule. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosuzumira mumphika amathawitsa kutentha konse.

Pali zina zimene dengu silingathe. Nsima imafuna mthiko ndi moto. Kalongonda, amene amakondedwa kwambiri m'dera lino, asayesedwe n'komwe, chifukwa amafuna kuwira nthawi yaitali ndi kusinthidwa madzi kuti kuledzeretsa kwake kuthe. Chinangwa chowawa nachonso chiyenera kukonzedwa mwa nthawi zonse. Ndipo ngati mayi wachedwa kumunda n'kupeza mphika uli wofunda chabe, aubwezere pamoto uwirenso asanagawire banja, makamaka ngati muli nyama, chifukwa tizilombo timaswana m'chakudya chofunda.

Phindu lina lili pa nkhuni. Mphika umene ukanatha maola atatu pamafuwa ukungokhalapo theka la ola, choncho mtolo umodzi ukhoza kufika masiku angapo. Anthu a ku Milange amadziwa kufunika kwa mitengo. Mu 1998 phiri la Tumbine linagumuka kutagwa mvula yamphamvu ndipo anthu ambiri anafa. Mu 2023 namondwe wa Freddy anaononganso mbali zonse ziwiri za malire. Phiri lometedwa mitengo siligwira dothi mvula ikachuluka. Utsi wa kukhitchini nawonso umachepa, ndipo maso ndi zifuwa za amayi zimapumulako.

Amene akukayika ayambe ndi mpunga tsiku limene ali pakhomo, kenaka ayese nyemba. Zikatheka, aonetse anzawo kuchigayo, kumjigo ndi kumsonkhano wa amayi, kuti dzinja lino mwana wamkazi apite kusukulu m'malo molondera mphika.