Nyumba Yoyandama pa Ngalande za ku England

Nkhani ya sabata ino ikutitengera ku England ndi ku Wales, kumene anthu ena amakhala m'mabwato chaka chonse, kuphika momwemo, kugona momwemo, ngakhale kulera ana momwemo. Ena mwa inu muli ndi ana kapena abale kumeneko, ndipo mukudziwa m'mene lendi imawawira m'mizinda ngati London. Tsono mwana akadzakuuzani kuti akufuna kupangitsa bwato m'malo mogula nyumba, musadzathamangire kunena kuti wapenga, koma musadzavomerenso msanga.

Mabwatowa eni ake amawatcha narrowboat, poti ndi opapatiza kwambiri. M'lifupi sapitirira mapazi 7, pamene m'litali ena amafika mapazi 70. Anawapanga chotero kuti azikwana pa zipata za madzi zimene zimakweza kapena kutsitsa bwato pamene ngalande yakumana ndi chitunda. Ngalandezo anachita kukumba ndi manja. Yotchuka pa zoyambirira ndi ya Bridgewater, imene inatsegulidwa mu 1761 kuti malasha a ku Worsley azifika ku Manchester, ndipo mabwato ankakokedwa ndi akavalo.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi moyo wa amayi a m'mabwatomo. Njanji itabwera, malipiro a oyendetsa mabwato anatsika, mabanja ambiri nasiya nyumba za pamtunda kukakhala m'kachipinda ka kumbuyo kwa bwato, kosapitirira mapazi 10 m'litali. M'menemo mayi ankaphika, kuchapa, kubereka ndi kulera, kwinaku akuwongolera bwato lodzaza malasha. Komabe kachipindako ankakasamala mochititsa nsanje. Mbale zokongola ankazipachika pakhoma, ziwiya zamkuwa nazipukuta mpaka kunyezimira, ndipo pa zitseko ndi pa zitini zotungira madzi pankajambulidwa maluwa ndi nyumba zachifumu. Ana ambiri ankakula osaponda sukulu, mpaka bambo wina, George Smith, analimbana ndi boma kufikira lamulo loyang'anira mabanja otere linakhazikitsidwa mu 1877.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse atsikana ena anadzipereka kuyendetsa mabwato a katundu. Ankavala baji ya malembo IW, ndipo powaseka dzina lawo linasanduka Idle Women, ndiye kuti amayi aulesi. Aulesi otani onyamula malasha mbandakucha! Ntchito ya katunduyo inafooka pang'onopang'ono, ndipo chisanu cha 1962 mpaka 1963, chimene chinaumitsa madzi kwa masabata ambiri, chinaipweteka kotheratu.

Lero mabwato ambiri ndi okhalamo kapena ochezeramo. Kuyambira 2012 ngalande zokwana mamailosi pafupifupi 2,000 zili m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, ndipo bwato lililonse limalipira chiphaso. Amene alibe doko lakelake saloledwa kukhala pamalo amodzi kupitirira masiku 14. Taganizani za mayi amene ali ndi mwana wa pasukulu, kapena amene amapita ku sikelo! Liwiro lake ndi mamailosi 4 pa ola, ngati munthu woyenda mofulumira. Madzi amatunga pa mipope ya m'mbali mwa ngalande kudzaza thanki, ndipo akatha, atha. Chimbudzi nachonso chimafuna kukakhuthula kumalo ake. Nyengo yozizira amasonkha chitofu cha malasha kapena nkhuni, ndipo pano ndi pamene pagona ngozi imene ife timaidziwa kale, ya mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya wake sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Kuyambira 2019 bwato lokhalamo liyenera kukhala ndi kachipangizo kolira pakakhala mpweya umenewu.

Tsono za kupangitsa bwato latsopano. Apa amayi musakhale chete n'kusiyira abambo okha, pakuti safunsa anadya phula. Mmisiri amayamba ndi chitsulo, kawirikawiri cha mamilimita 10 pansi, 6 m'mbali ndi 4 kudenga. Amafunsa kutalika, ndipo ambiri amasankha mapazi 57, chifukwa zipata zina za kumpoto kwa England ndi zazifupi, lalitali silikwanako. Amafunsanso za kumbuyo, kaya pakhale khonde lotakasuka lokhalapo anthu angapo, kaya kamalo ka woyendetsa yekha kuti m'kati mukule. Kenaka pamabwera funso limene ndi lanu ndithu: khitchini likhale pati, bedi pati, mapoto ndi zovala zisungidwe kuti. Mayi amene sanalankhule pa nthawi ya pulani adzaphika moweramira zaka zonse.

Ndalama amalipira m'magawo, ntchito ikamapita patsogolo. Pakhala amisiri ena amene bizinesi yawo inagwa atalandira ndalama za anthu, bwato lisanathe. Choncho pangano likhale lolembedwa, linene poyera kuti gawo lolipiridwa ndi la wogula, ndipo ngati ndalamazo ndi za banja, dzina la mayi lilembedwenso pamenepo. Nkoyenera kulemba ganyu katswiri wapadera woti azikayendera ntchitoyo. Ena amagula bwato lokhala ndi injini yokha namaliza okha za m'kati, koma ambiri otere amakhala ndi matabwa osakhoma zaka ndi zaka.

Muwauzenso anawo kuti bwato si munda. Nyumba nthawi zambiri imakwera mtengo, pamene bwato limatsika. Pakapita zaka 2 kapena 3 liyenera kuvuulidwa kuti alipake phula kuopa dzimbiri, ndipo pa zaka 4 zilizonse limayesedwa ngati gasi, magetsi ndi mafuta zili bwino.

Amene mukufuna kumvetsa kuchepa kwake, tengani phulusa mulembe pabwalo mizere iwiri yotalikirana mapazi 6. Ikani mphasa, mbaula ndi ndowa pakati pake, kenaka muitane mnzanu muyese kupatukirana mutanyamula poto wa ndiwo.