Ogwira Ntchito ku Moatize Akufunika Nyimbo Yawo

Mu 1946 Merle Travis, mwana wa munthu wokumba malasha ku Kentucky, adajambula nyimbo yotchedwa Sixteen Tons, ndipo Tennessee Ernie Ford ataiimbanso mu 1955 idawanda m'dziko lonse la America. Imakamba za munthu amene amakolopa malasha tsiku ndi tsiku, mphamvu zikutha, pamene ngongole yake kusitolo ya kampani ikungokula. Kwa ife a ku Tete nkhaniyi si yachilendo. Makilomita pafupifupi 20 kuchoka mumzinda muno kuli Moatize, kumene kampani ya Vale idayamba kukumba malasha mu 2011, n'kudzagulitsa mgodiwo kwa Vulcan mu 2022. M'bandakucha mabasi amaoloka Zambezi atanyamula anthu ovala majombo ndi zipewa zolimba. Madzulo anthuwo amabwerera maso ali psuu, fumbi lakuda lili m'makutu, atapsa ndi dzuwa lija la mwezi wa Okutobala. Anthu amenewa akufunika nyimbo yonena za kutopa kwawo, ndipo ndi udindo wa oimba athu ndi mawayilesi kuwapatsa.

Ena amati nyimbo zotere n'zogonetsa anthu: munthu akaimba mtima umatsika, mawa n'kubwerera m'goli lomwelo osadandaulanso. Mawuwa ali ndi nzeru, koma mbiri ya chigwa cha Zambezi ikutsutsa. Kumunsi, ku Mopeia ndi ku Luabo, anthu olima nzimbe m'minda ya Sena Sugar Estates ankaimba nyimbo yotchula Paiva, Mpwitikizi amene ankawagwiritsa ntchito mwankhanza. Adaiimba opalasa mabwato, adaiimba amayi, mibadwo n'kumalandirana mpaka ufulu wa 1975, ndipo ofufuza Leroy Vail ndi Landeg White adaipeza ikadali pakamwa pa anthu. Inde, malipiro sadakwere chifukwa cha nyimboyo. Komatu m'masiku a chibalo, pamene kuyankha mzungu kunkaitana mbalamatodya, nyimbo ndi imene idasunga mlandu pamodzi ndi dzina la wolakwa, kuti ana asadzauzidwe kuti makolo awo ankagwira ntchito mokondwa.

Choopsa chenicheni chili pena. Mabwana amaikonda nyimbo yotamanda kupirira, chifukwa wantchito wopirira safunsa. Nyimbo ikangoti limbani mtima, osanena chimene chikutopetsa munthu, yasanduka kapitawo. Mphamvu ya Sixteen Tons ndi yoti imaloza chala pa sitolo ya kampani. Yathunso iloze. Itchule mabanja oposa 700 amene adasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi, kutali ndi mtsinje ndi msika, amene mu Januwale 2012 adatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Itchule oumba njerwa amene adataya malo awo a ntchito, ndi amayi a ku Moatize amene amayanula zovala zitada ndi fumbi. Iimbidwe m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, ndipo mawayilesi aiulutse nthawi imene mabasi aja akubwerera, eni nkhani akumva.