Mbusa Wasowa M'ndakatulo Yake

Mdzukulu wanga wandibweretsera ndakatulo yovomera kulakwa: mbuzi zidamupulumuka n'kukadya chimanga cha eni. Pofuna kuti mizere ithere mofanana ngati ya Chingerezi, walemba "zidathawa", "zidalowa", mpaka mbusa mwini wasowamo. Mlandu wagwera mbuzi!

Adzukulu anga, m'Chichewa mawu amathera pa a, e, i, o kapena u. Kufananitsa mathero n'kosavuta, n'chifukwa chake sindikuwerengera kwenikweni. Kayendedwe ka mzere wathu kagona pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, limene timalikoka: ndalaakwa. Liwu limenelo liyambe ndime iliyonse, katatu konse, monga wolakwa amalibwerezera pabwalo akuwomba m'manja kufikira mwini munda atamva.

Kope ndamubwezera, akalembenso.