Jekete la mabowo anayi

Kuno ku Chambe chiperoni chikayamba mu June, nkhungu imatsika m'phiri mpaka pakhonde. Ndinakwera kabaza kupita pa Chitakale kukasaka jekete pa kaunjika.

Belo linali litatsegulidwa kale, zabwino anzanga atatola. Pansi pa mulu ndinapeza jekete lolemera, laubweya wa nkhosa, mabatani ake achikopa. Nditaliyang'anitsa padzuwa ndinaona mabowo anayi a njenjete kumsana, thumba lamkati litang'ambika. Mnyamata wogulitsa anati, "Bwana, limenelo ndi la agogo, ingopatsani K6,000."

Chinandikopa ndi kansalu kamkati kolembedwa Harris Tweed. Nsalu imeneyi amailuka pamanja anthu a pa zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, aliyense pakhomo pake, ndipo lamulo la 1993 limaletsa kupatsa dzinali nsalu yolukidwa kwina. Ndinagula.

Mayi a kunyumba sanaseke. Ndalamayo inali ya ndiwo za sabata yonse. "Mwagula mabowo, bambo?"

Ndinawakumbutsa za jekete latsopano lonyezimira lomwe ndinagula ku Limbe chaka chatha. Zipi inafa mwezi womwewo, kenako nsalu inayamba kusupuka ngati nthochi yakupsa.

Telala wathu anasolola ulusi kumpendero wamkati n'kulukira mabowo aja, ntchito ya masiku awiri. Anandichenjeza kuti ndisalichape m'madzi otentha, lingafote, komanso ndiliyanike padzuwa kuti njenjete zisasamukire m'zovala zina.

Lamulungu lapitali linasowa pamsomali. Mayi aja analivala popita ku mapemphero a m'mawa.