Timau Tating'ono ta Chingerezi pa Mseu

Mwezi wathawu anadzandichezera mnyamata amene ndinamphunzitsa Sitandade 6 zaka zapitazo. Tsopano amayendetsa galimoto lalikulu la katundu kuchokera ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, mpaka kuwoloka pa Beitbridge. Anandisimbira kuti pa ulendo wake woyamba wapolisi wa pa mseu anamkodola nafuula kuti, "Pull over!" Iye anakumbuka zimene ndinamphunzitsa, kuti "pull" ndi kukoka ndipo "over" ndi pamwamba. Posoŵa chokoka, anangoponda mabuleki naima pakati pa mseu, ndipo basi imene inali m'mbuyo inatsala pang'ono kumuomba. Mnyamatayo anasimba izi akuseka, koma ine manyazi anandigwira, pakuti mlandu unali wanga.

Wapolisi uja amatanthauza kuti, patukira m'mbali mwa mseu, uime. Chingerezi chili ndi chizoloŵezi chotenga mneni ndi kumphatikiza ndi kamau kakang'ono, ndipo aŵiriwo akakumana tanthauzo limasanduka lina. Taonani "pull" yemweyo. Mukamva "pull out", ndiko kuchoka m'mbali ndi kuloŵa mu mseu. "Pull up" ndiko kuimika galimoto. Palibe chokokedwa pa zonsezi.

Tisaganize kuti zimenezi nzachilendo kwa ana athu. Ifenso timati pita, pitira, pitirira, pitiriza, ndipo mwana wa zaka 5 sasokoneza kupitirira galimoto ndi kupitiriza ulendo. Kusiyana kwake nkwakuti ife timalumikiza kachidutswako ku tsinde la mneni, pamene Angerezi amakaimika pa kokha. Mwana akaona mau aŵiri olekana amayesa kuti matanthauzonso ndi aŵiri. Ife aphunzitsi ndife timakulitsa vutoli, polemba pa bolodi mndandanda wa mau, lililonse ndi tanthauzo lake, ndi kuwauza ana kuti aloŵeze.

Pa mseu palibe nthaŵi yomasulira. Galimoto lothamanga makilomita 80 pa ola limayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akataya masekondi aŵiri akusanthula mau m'mutu mwake, wapita kale mamita 44, pafupifupi theka la bwalo la mpira.

Chifukwa cha ichi ndasintha kaphunzitsidwe. Ndimatulutsa ana panja, tijambule mseu pansi ndi phulusa, pamodzi ndi mphambano yake. Wina agwira chivundikiro cha poto ngati chiwongolero, ena akhala oyenda pansi, wina ng'ombe (udindo umene anyamata amaulimbirana kwambiri). Ine ndifuula "Keep left!" ndipo onse atsata kumanzere, monga mwa lamulo la kuno kwathu. Ndikati "Slow down!" achepetsa liŵiro, "Give way!" aima pa mphambano kuti mnzawo adutse, "Back up!" abwerera chambuyo. Sindilola mwana kundiuza tanthauzo ndi pakamwa. Ndifuna miyendo ndiyo iyankhe. Wolakwitsa amatuluka m'maseŵero, ndipo timati wagonekedwa m'chipatala.

Mau amene amagwetsa ambiri ndi "Look out!" Ana amasuzumira kunja kufuna choti aone, pamene wofuulayo akuti, chenjera, ngozi iyo! Timawabwereza tsiku ndi tsiku kufikira mwana adumphira pambali asanaganize.

Mwina kholo lina lifunsa kuti, kodi mwana wa kumudzi adzaligwira liti galimoto? Ŵerengani anyamata a mu mpingo mwanu amene ali pa njinga zamoto za kabaza, ndi ena amene apita ku Johannesburg. Maseŵeroŵa safuna ndalama, ndipo angachitike pa bwalo la pakhomo madzulo, mkulu wawo wa ku sekondale akufuula malamulo. Mnyamata wanga uja walonjeza kuti akabwerako ku ulendo uno adzaima kutsogolo kwa kalasi, akhale wapolisi ndiye.