Kabula Sathera pa Chichiri

Loweruka likakwana ambirife mu Blantyre timathamangira ku Chichiri kukazungulira m'masitolo, ngakhale m'thumba muli mbee. Chonsecho pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene tinangoisiyira ana asukulu.

Tsiku lina kafikeninso ku nyumba ya Mandala. Nyumbayi inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo mpaka lero ili chilili. Pansi mumaona zojambula za akatswiri athu, kenako n'kumwa khofi pakhonde. Pamwamba pali mabuku a mbiri ya dziko lino, osungidwa ndi Society of Malawi. Khofiyo ngokwera mtengo, sindikubisirani. Njala ikakuvutani, kwerani minibasi ya ku Limbe mukadye nsima ya chambo mumsika.